Thabwa la Misomali Itatu

Chaka chino aphunzitsi a zaluso analeka kukopetsa ana chithunzi cha mpando pabolodi. Anati, "Kaoneni chimene chikuvuta kwanu, mukachipangire chida."

Mtsikana wina anabweretsa thabwa la misomali itatu, nsonga zili m'mwamba. Aphunzitsi anapsa mtima.

"Iwe, ukufuna kubaya ndani?"

"Dikirani, aphunzitsi. Amayi, lowani."

Analowa mayi wopuwala dzanja lamanzere. Anasomeka anyezi pamisomalipo, anyeziyo n'kukhala nji. Ndi dzanja limodzi lokhalo anayamba kuduladula, mpeni ukugogoda thabwa mwachangu.

Aphunzitsi anangoti kukamwa yasa. Zaka zonsezi iwo ankapereka ziro akaona msomali wotulukira.

"Mukulira, aphunzitsi?" mtsikanayo anafunsa.

"Ndi anyeziyu," anayankha, chonsecho anaima kutali, kuchitseko.