Akazi Atatu a m'Malaya a Akimu

Akimu, wakabaza wa pa Ntaja, anali ndi kachinsinsi kamodzi kokha, ndipo kanali ka m'mimba. Madzulo akaweruka ankakhotera kuseri kwa msika kwa a Bakari owotcha kanyenya, n'kudya nyama ya mbuzi ali chiimire, maso ali uku ndi uku ngati wakuba nkhuku. Akatha ankasamba m'manja ndi sopo, n'kutafuna masamba a ndimu, basi ulendo wa kunyumba kukadandaula kuti makasitomala avuta. Munthuyu ankadziyesa wochenjera kwabasi, koma anaiwala malaya.

Mkazi wake Ramla, mayi wa mwana wawo Ilham, anali woyembekezera, ndipo mimbayo inamunola mphuno mochititsa mantha. Tsiku lina atalandira malaya oti achape, anawanunkhiza kamodzi, n'kukhala pansi. Pakhomopo ankaphikira mitengo ya nandolo, ya utsi wopepuka wonga wa udzu. Koma m'malayamo munali utsi wolemera wa tsanya, nkhuni zolimba zimene amalonda amabwera nazo kuchokera cha ku Ulongwe, ndiponso kafungo ka mafuta a nyama. Ramla anawerengera yekha: pali mkazi wina, wopeza bwino, wophikira tsanya, ndipo akumunenepetsera mwamuna. Anamuuza Akimu mosapsatira kuti fungolo likadzabweranso aitana amalume ake, a Mohamedi, ankhoswe a banjalo.

Akimu anali mkamwini. Nyumba, munda, ngakhale mthunzi umene ankapumirapo zinali za kwa akazi. Chake chinali njinga basi. Mantha anamugwira zedi. Komatu m'malo moti anene zoona kapena asiye kanyenya, mutu wake wa dzunguwo unamuuza kuti utsi umaphedwa ndi utsi unzake.

Mawa lake atadya, anakaima pa uvuni wa njerwa pamene ankasonkhezera bulugama, mpaka maso kufiira. Kunyumba Ramla ananunkhiza, nati uyu ndi mkazi wachiwiri, ndipo akudwala chimfine, chifukwa malaya onse ankangomveka ngati mankhwala opaka pachifuwa. Mkuja wake Akimu anatola nthambi za nimu, nazikoleza yekha m'mbali mwa msewu, n'kudzifukiza akutsokomola ngati mbuzi yodwala. Utsi wa nimu ndi wowawa, suchoka pakhosi. Ramla atangoumva anagwira pakamwa.

“Bambo a Ilham, mpaka nkhalamba yothamangitsa udzudzu? Mwasowa chiyani kwenikweni?”

Loweruka a Mohamedi anafika ndi mkanjo wawo woyera. Anapeza zovala za Akimu zili kale m'jumbo pakhonde, ndipo malaya atatu atayalidwa pamphasa ngati nsomba pamsika. Ramla anawalongosola limodzi limodzi: wa tsanya ndiye wamkulu, wa bulugama ndi wodwaladwala, wa nimu mano alibe. Akimu anaona kuti lero ndiye banja latha, atuluka ndi njinga yake yokha, ndipo thukuta linayenderera mpaka m'makutu. Anagwada naulula zonse: kanyenya, ndimu, uvuni, ndi moto wodzikolezera yekha kumsewu.

A Mohamedi anati mawu okha sakwanira. Ananyamula malaya oyambawo, nawakokera m'mphuno atatsinzina, kenaka anameza malovu.

“Uyu ndi Bakari ndithu. Mbali ya kunthiti, ndi tsabola wake uja.”

Ramla anawafunsa kuti iwo akumudziwa bwanji Bakariyo, popeza kwawo amati mano awo sagwirizana ndi nyama. A Mohamedi anayamba kukonza chisoti chomwe chinali chokhala kale bwino. Akimu anaphulika nako kuseka ali chogwada, mtima utakhala pansi, poona kuti akazi atatu aja afa onse tsiku limodzi ndipo iye sachoka pamudzipo. Anatambasula dzanja kuti atenge jumbo yake.

Ramla sanaseke. Anaisiya jumboyo kuti aitenge, koma anayankhula motsitsa mawu.

“Akazi anuwo ndinali nditayamba kuwazolowera, amalume ndi mboni. Ndinkati mwina akukunyengererani. Koma kansi munali nokha? Mwezi watha uja ndinakupemphani kachiwindi kokha, mimbayi itandivuta, ndipo munandiuza kuti mbuzi zakwera mtengo.”

Kuseka kunauma pakamwa pa Akimu. Anachita manyazi aakulu, oposa amene akanachita akazi aja akanakhala enieni. Anamuyang'ana mkazi wake bwinobwino, chinthu chomwe anali atasiya kalekale, ndipo anaona kuti chibangili chimene chinkamuthina pa ukwati wawo tsopano chinkatsetsereka mpaka m'chigongono.