Mlendo ndi Thumba la Zofiira

Mtsikanayo anaima pageti osagogoda, kathumba kali pamutu, chikwama chothetheka chili m'manja. Mayi woluka tsitsi, amene anali pakhonde zala zili m'mutu mwa kasitomala, ndiye anayamba kumuona.

"Odi," anatero mtsikanayo patapita kanthawi. "Ndikufuna akalipentala."

"Ali kuntchito. Ndinu ndani?"

"Ndiwadikira."

Kasitomala uja anatembenuza khosi mpaka tsitsi linapulumuka m'manja mwa wolukayo. "Asisi," ananong'ona, "masiku ano odzagula mipando akumabwera ndi chikwama cha zovala?"

Kalipentala atafika madzulo n'kumuona mlendoyo, anaima chilili, macheka ali paphewa. Mtsikanayo anagwada, koma palibe anatchula dzina la mnzake.

"Akhala nafe pang'ono," anatero bamboyo kwa mkazi wake, woluka tsitsi uja.

"Ndi ndani?"

"Ndikufotokozerani, amake ana. Mundipatse mpata."

Masiku anadutsa, mpatawo sunapezeke. Mtsikanayo ankagona pamphasa m'chipinda cha ana, kusesa asanauzidwe, kuyankha mafunso ndi mawu amodzi. Mayi ankamuyang'ana akamayanika zovala, khosi lalitali, maso akuluakulu okhala ngati akulota, ndipo mumtima mwake munkatentha. Mwamuna sabisa dzina la m'bale wake. Amabisa la wina.

M'nyumbamo munali kale vuto lina. Mwana wamng'ono, amene onse ankamutchula kuti Sindifuna chifukwa ndiwo mawu amene ankawadziwa bwino, ankangodya buledi ndi tiyi. Manja ake anali ngati timitengo. Namwino anali atamutsegula chikope n'kupukusa mutu: "Magazi akuchepa, mayi. Azidya zamasamba." Mayi anayesa kunyengerera, anayesa kuopseza, anayesa kumugwira mphuno. Zonse zinkathera pansi pa tebulo. Mchimwene wake, amene ankamuti Loya chifukwa chokonda kutsutsa, naye ankatola anyezi m'mbale n'kumuika pambali ngati umboni.

Tsiku lina masana mlendoyo anamasula kathumba kake. Munatuluka zinthu zozungulira, zakuda, zamichira yopyapyala.

"Mbatata zodwala," anatero Loya. "Anti, zili ndi michira ngati makoswe."

"Ndi bitiruti. Ndinazula m'dimba mwathu ndisananyamuke."

Mayi anatenga imodzi n'kuinunkhiza. Inkanunkha dothi lonyowa. "Inu abambo, mumazidziwa zimenezi?"

Kalipentala, amene anabwera kudzadya nkhomaliro, sanayang'ane n'komwe. "Ayi. Sindinazionepo."

Mtsikanayo sanaitane mwana aliyense. Anazitsuka, anaziwiritsa ndi makoko omwe, ndipo zitazizira anakhala pakampando pakhomo la kukhitchini. Anangokanikiza ndi chala chachikulu, khoko linavuka lokha. M'katimo munali mofiira kwambiri, monyezimira. Anadula kachidutswa n'kudzipaka pamilomo, kenaka pazikhadabo.

Sindifuna, amene ankakonda kusuzumira makasitomala a mayi ake akamadzikongoletsa pagalasi, anayandikira pang'onopang'ono.

"Inenso."

"Ayi, si za ana izi."

"Inenso, anti!"

"Zimagwira pamilomo ya munthu amene watafuna. Iwe sufuna, ndamva mbiri yako."

Mwanayo anatola kachidutswa, anakayang'anitsitsa, anakanyambita. Anatsinzina, kenaka anatafuna. Anathamangira kugalasi la mayi ake n'kutulutsa lilime, ndipo kuseka kwake kunamveka mpaka kumsewu. Atabwerako, mtsikanayo anamupatsa supuni kuti asakanize yekha: anyezi wokazinga, mchere, timadontho ta mandimu. Atathira pampunga, mpunga wonse unasanduka wofiirira ngati mitambo ya dzuwa likamalowa.

"Ine ndikungolawa kuti nditsimikize kuti n'zoipa," anatero Loya. Analawa mpaka mbale inayera.

Mayi anaima pakhomo, chipeso chili m'manja. Ankayenera kukondwa. Koma mwana amene ankakana chakudya cha m'manja mwake anali atakhala pamiyendo pa mlendo, kukamwa kuli yasa. Ndipo mwamuna wake, amene anati sanazionepo, ankadya pang'onopang'ono maso ali pansi, misozi ikulengeza.

M'mawa mwake, mayi akuyala zingwe za tsitsi pakhonde, anamva kukuwa. Anapeza Sindifuna ataima pafupi ndi kapoti kake akunjenjemera. Mkodzo unali wofiira.

Mayi anayang'ananso m'kapotimo. Mwana wochepa kale magazi, lero akukodza magazi! Anamunyamula, anathamangira kukhitchini kumene mlendoyo ankakoleza moto.

"Wamudyetsa chiyani mwana wanga?"

"Mayi, ndi zija za dzulo, sizi..."

"Usanditchule mayi! Ndinakubala ine? Wabwera kudzandilanda nyumba, waona kuti ana akutchinga njira?"

Anatenga kathumba kaja n'kukaponya pabwalo. Bitiruti zinagubuduka mpaka pageti, pamene aneba anali atayamba kale kusonkhana. Chikwama chothetheka chija chinatsatira. Mtsikanayo sanalire. Anagwada n'kuyamba kutola zovala zake chimodzichimodzi, kukung'untha fumbi.

Kalipentala anatuluka m'bafa sopo ali m'khutu. Anagwira mwana pachipumi, anamuyang'ana m'maso.

"Mimba ikupweteka, mwanawe?"

Sindifuna anapukusa mutu.

"Si magazi awa, amake ana. Ndi mmene zimachitira zofiirazi. Zimatuluka ndi mtundu wake. Mawa zitha zokha."

"Zoona, amayi," anatero Loya, atabisala kuseri kwa chitseko. "Inenso zandichitikira. Ndinaganiza kuti ndikufa, ndiye ndinangokhala chete kuti ndisakudandaulitseni."

Wina pageti anaseka. Mayi sanaseke. Anatsitsa mwana pansi n'kuyang'ana mwamuna wake.

"Mwadziwa bwanji?"

"Ndi zodziwika..."

"Dzulo munati simunazionepo. M'nyumba muno sindinaphikepo. Munadyera kuti, abambo? Anakuphikirani ndani mpaka mudziwe za mawa lake?"

Bamboyo anayang'ana aneba, anayang'ana mtsikana uja amene tsopano anali atamanga chikwama. Anakhala pansi pa sitepe, thaulo lili pakhosi, ngati munthu amene watula thabwa lolemera.

"Amayi a mtsikanayu ankalima zimenezi," anatero motsitsa mawu. "Kalekale, ndisanakudziweni inu. Ndinachoka ali ndi pakati, sindinabwerere. Amwalira mwezi wathawu. Alibe wina." "Ndi mwana wanga, amake ana. Woyamba."

Aneba anayamba kuchoka mmodzimmodzi, aliyense atanyamula nkhani yake.

"Zaka zonsezi," anatero mayi. "Ndiye munandisiya ndizidana ndi mwana wamasiye, ndikumuyesa mkazi mnzanga, inu mukungotafuna?"

Mtsikanayo ananyamula chikwama chake.

"Pepani, sindinabwere kudzasokoneza. Bambo anandiuza kuti ndidikire anene okha. Mwanayo muzimupatsa pang'onopang'ono, musamukakamize. Mukatopa nazo, masamba ake nawonso amadyedwa."

Anayenda kulowera kugeti. Mayi anamuyang'ana kumsana, ndipo kwa nthawi yoyamba anaona mayendedwe aja a mwamuna wake, phewa limodzi lotsika pang'ono, omwe ankawadziwa kuchokera patali madzulo aliwonse. Mkwiyo unali usanathe, koma tsopano unali utapeza mwini wake, ndipo mwini wakeyo anali pa sitepe.

Sindifuna anali atatola bitiruti imodzi pafumbi, ataikumbatira pachifuwa. Anakoka nsalu ya mayi ake.

"Amayi, anti akupita? Nanga ine ndidya chiyani?"

Mayi anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja. Anayenda mpaka pageti, analanda chikwama m'manja mwa mtsikanayo, n'kuchipereka kwa mwamuna wake osamuyang'ana.

"Kalowetseni. Ine ndi inu tikambirana, ndipo sizitha lero."

Kenaka anawerama kwa mwanayo n'kumukankhira kutsogolo.

"Si anti amenewa. Pita ukawagwire dzanja. Uziti achemwali."