Ndevu za Kandege

Agogo a Tabeth sanapezenso mtendere kuyambira tsiku limene mdzukulu wawo Vitus, wokonza mafoni paboda, anabwera ndi kandege kopanda munthu m'kati. Iye ankati ndi droni ya mpikisano. Iwo ankangoti "chinthu chakocho".

Chinawasautsa kwambiri chinali lisiva, kachidutswa kochepa ngati chikhadabo, kokhala ndi timawaya tiwiri totuluka kumbuyo ngati ndevu za mlamba. Vitus anawafotokozera monyadira kuti kameneko ndiko khutu la kandegeko. Iye akagwedeza limoti pakhomo pano, iko kamamva ngakhale katafika kuseri kwa phiri.

Kuseri kwa phirilo n'ku Zambia.

Agogo anamuchenjeza podya, anamuchenjeza akusamba, mpaka kumulondola kumsewu. Ankati asilikali a kumeneko saseka ndi munthu, akatola chinthucho adzati ndi kazitape, adzamumanga, ndipo iwo miyendo yokamuonera kundende ya ku Chipata alibe. Vitus ankangoseka n'kuwafunsa ngati akufuna awakwezeko.

Loweruka m'mawa, Vitus atapita kukatchajitsa mabatire, agogo anazungulira kangapo tebulo pamene panali kandegeko, akutuluka n'kulowanso. Thadzi lawo lokonda kulumpha mpanda analidula nthenga chaka chatha, ndipo linaleka kuyendayenda. Anatenga lezala pazenera, n'kufupikitsa ndevu zonse ziwiri mosamala, zofanana bwinobwino kuti zisaoneke.

Masana anamutsatira kubwalo la mpira. Vitus anavala chigalasi chophimba maso chimene amaonera kumene kandege kakupita. Kanalira ngati mavu, kanakwera, kanadutsa minda ya fodya kulunjika kudambo. Agogo anadikira kuti katope kabwerere.

Sikanabwerere. Zala za Vitus zinayamba kuvutana ndi limoti, uku akupondaponda pansi.

"Sikakundimva. Kagontha."

Kanapitirira chomwecho, kakucheperachepera, mpaka kanazimiririka kuseri kwa mitengo ya kumalire. Vitus anavula chigalasi nkhope itagwa. Anati kagwera m'munda wa mtedza pafupi ndi tchalitchi chofolera udzu, mbali ya ku Zambia, ndipo pamimba pake anamatapo dzina lake ndi nambala ya foni.

Agogo anamuyandikira n'kumufunsa.

"Iwe, ndevu zija zikafupika, si ndiye kuti sikapita patali?"

Vitus anawayang'ana, n'kuzindikira chimene anachita. Kenaka anayankha motsitsa mawu kuti zikafupika kandege kamauluka chimodzimodzi, kungoti kamaleka kumva woitana. Anaponya limoti m'chikwama n'kunena kuti akukatenga anthu asanakatole.

Agogo anamugwira malaya. Mnyamata wa jinzi ndi chikwama chodzaza mawaya, kudutsa njira yachidule? Ameneyo ndiye angamumange asanafike n'komwe. Koma nkhalamba ya mpango kumutu, imene imadutsa pamenepo popita kumaliro a abale, palibe amaifunsa kanthu.

"Agogo, inu simungathe. Bondo lanulo?"

"Bondo ndi langa. Iwe khala pompano, usasunthe. Foni ikalira usayankhe. Wina akafunsa, unene kuti ndapita kukapepesa maliro."

"Maliro a ndani?"

"Sakusowa kumeneko."

Anamangitsa chitenje, anapinda china choti akakulungire chinthucho, n'kutsika kulowera kudambo akutsimphina. Asanafike pamlatho wamitengo anatembenuka kawiri kuona ngati Vitus wakhaladi, ndipo ulendo wachiwiriwo anakuwa kuti achoke padzuwa.