Yunifolomu ya Malemu

Mkazi wanga anali namwino. Anamwalirira pa chipatala chomwe ankagwirapo ntchito, sabata imene mankhwala anali atatha. Yunifolomu yake yoyera ndinaisiya m'kabati, pamodzi ndi khadi lake lolowera pachipata. Sindinkaitulutsa, komanso kuitaya sindikanatha.

Maliro atatha, abale anabalalika monga amachitira. Amene anapitiriza kubwera anali anyamata ena aulemu omwe sindinkawadziwa. Anabweza mipando kwa eni ake, anakonza mpopi wodontha, ankakhala ndi mwana wanga pakhonde mpaka dzuwa kupendeka. Ine ndinkathokoza. Mwanayo anali atamaliza maphunziro koma ntchito osaipeza, ndipo ine kutonthoza munthu sindidziwa. Ndinkangomufunsa ngati wadya, basi.

Mkulu wa gulu lawo ankamutchula kuti Aphunzitsi. Ine ndagwira choko moyo wanga wonse, ndiye dzinalo linkandilasa. Munthuyo anayamba ndi zoona: mankhwala amabedwa, osauka amafera pamzere. Kenaka anathirako zake: amayi ako sanangofa, anaphedwa dala, aliyense wovala zoyera pachipatala paja ndi mdani. Mwana wanga anasiya mpira, anasiya anzake akale. Azakhali ake anawauza pamaso kuti ndi akhungu.

Tsiku lina m'mawa ndikusita malaya, mwana wanga anaima pakhomo la chipinda changa.

"Ababa, yunifolomu ya amayi ija mundipatse. Kugulu kwathu kuli mlongo wina wovutika."

"Wovutika avale za unamwino? Madiresi ali m'sutikesi, tenga onse."

"Akufuna yomweyo. Ndi khadi lomwe. Lachisanu likadutsa tibweza."

"Khadi alifunda ngati bulangete?"

Sanaseke. Ndinaimika simbi. Ndinakumbukira dandaulo la mkazi wanga, lomwe ankalibwereza patebulo mwanayu akumva: alonda a pachipata sayang'ana nkhope kapena chikwama. Akangoona zoyera ndi chingwe cha khadi m'khosi, amatsegula n'kupereka moni.

"Mlongoyo m'chikwama adzanyamulamo chiyani?"

"Zimenezo si zanu."

"Lachisanu ndi tsiku la sikelo. Ukudziwa?"

"Simungamvetse, ababa. Anawapha amayi, inu n'kupita kukathokoza adokotala! Munalira liti inuyo? Aphunzitsi analira nane. Inu mumangosita malaya."

Pamenepo sananame kwenikweni. Koma mtima unanditentha ngati simbi ija. Sindine munthu wokweza mawu, ndipo tsikulo sindinakweze. Ndinangoona zonse bwinobwino: mipando ija, mpopi uja, ulemu wonse uja wovula zipewa. Anthu anamwa tiyi m'makapu a mkazi wanga maso ali pa kabati yake. Mwana wamasiye kwa iwo anali njira yachidule yofikira pachipata. Ndipo chovala chimene mayi uja ankachichapa ndi manja ake, chimene ana ankachikoka akamaopa jakisoni, ndicho anachisankha kuti chikalowetse imfa pakati pa amayi obereka makanda kumbuyo. Atero ati akubwezera imfa yake!

"Amayi ako Lachisanu ankakhala pati?" ndinamufunsa.

Anayang'ana pansi.

"Pa sikelo pomwepo. Anzawo amene anasenza bokosi lawo adakali pomwepo. Aphunzitsi akowo adzakhala kuti tsikulo? Nawonso adzavala zoyera?"

"Iwo amatsogolera."

"Ali kutali. Ndamva."

Ndinatsegula kabati, ndinapinda yunifolomu, ndinaika m'jumbo pamodzi ndi khadi. Ndinavala malaya osita mbali imodzi.

"Ndikupita kupolisi. Sindikubisira. Ukhoza kupita nane ukanene ndi pakamwa pako, kapena uthamange ukawachenjeze. Zonse ziwiri khomo ndi lomweli."

"Mukugulitsa mwana wanu?"

"Okugula anabwera kale, ndipo ine ndinawapatsa mpando."

Ndinatuluka. Mumsewu munali mwa masiku onse: wometa akusesa tsitsi pakhomo pake, womata matayala akukangana ndi wanjinga. Sindinacheuke, poopa kuona msewu wopanda mwana wanga.

Nditadutsa pa sitolo ya penti ndinamva masilipasi kumbuyo, akukhwekhwereza monga amayi ake ankamuletsera. Sanandipeze, sanandilandire jumbo. Ankabwera patalipatali ngati munthu wa ulendo wina.

Pa chipata cha polisi ndinaima. Anafika, maso ali ofiira, osandiyang'ana.

"Mayina awo simukuwadziwa inu," anatero. "Mukanena chiyani?"

"Ndiye tsogola."

Anatsogola.