Phazi la a Aristides

Njoka inaluma a Aristides Lamlungu m'mawa, pakati pa mizere ya khofi, atavala patapata. Inali jararaka, njoka ya ululu woopsa, yonenepa ngati mpini wa khasu. Inawajompha pa phazi n'kulowa m'masamba osafulumira n'komwe. Antchito onse anali kutchalitchi, ndiye amene analipo ndi alamu awo okha, a Gumercindo.

A Gumercindo anali mphunzitsi wopuma ntchito. Mkazi wawo, mlongo wa a Aristides, anamwalira zaka zinayi zapitazo, koma iwo ankabwerabe kumundako sabata iliyonse kudzamwa khofi ndi kukangana. Mkangano unali umodzi womwewo. A Gumercindo ankati chipatala chizikhala cha boma, chaulere kwa aliyense. A Aristides ankatulutsa khadi lawo la inshuwalansi, la mtundu wa golide, n'kunena kuti chaulere cha boma ndi benchi yofera.

Tsopano a Gumercindo anakhala pa chiwongolero cha galimoto, mphuno itatsala pang'ono kugunda galasi. Anali ndi ng'ala m'maso onse awiri, ndipo dzina lawo linali litatha chaka ndi theka pa mndandanda wa boma wa oyembekeza opaleshoni.

Pamphambano anayamba kukhotera kumanzere, ku chipatala cha boma cha m'tauni yawo, ulendo wa mphindi makumi awiri.

"Kumanja, alamu!" anakuwa a Aristides. "Kumzinda!"

"Phazi likutupa ilo."

"Phazi ndi langa. Zaka zonsezi ndakhala ndikulipirira chiyani? Kuti ndikagone pansi ndi zidakwa?"

A Gumercindo anakhotera kumanja. Ulendo wa ola limodzi ndi theka unawatengera maola atatu. Magalimoto onyamula ng'ombe ankawapitirira akuliza hutala. Pena anaima nji pakati pa msewu kudikira kuti bulu awoloke.

"Si bulu, ndi chikwangwani chimenecho!" anabuula a Aristides. "Boma lanu lija likukonzani liti masowo? Pa maliro anu?"

"Mzere ukuyenda."

"Ukuyenda ngati inuyo."

A Gumercindo ankamva mpweya wa alamu awo ukulemera, ndipo atapapasa kufuna giya anakhudza mwendo wotentha, wolimba ngati dzungu. Anaponda mafuta pang'ono.

Chipatala cholipira chinali chozizira bwino, chonunkhira. Pakhoma panali thanki ya tinsomba tofiira. Mtsikana wolandira anthu anaona khadi lija n'kumwetulira, kenako anafunsa ngati bambo angakonde khofi kapena madzi.

"Mwaona, aphunzitsi?" anatero a Aristides, thukuta lili kamukamu. "Ulemu."

Dokotala anabwera msanga, wachinyamata, waulemu ngati wansembe. Anayang'ana phazi, lomwe tsopano linali lofiirira chakuda, n'kupukusa mutu.

"Pepani kwambiri, bambo. Mankhwala a ululu wa njoka ife sitisunga. Amagawa ndi boma lokha. Pitani ku chipatala chawo, kuseri kwa msika. Kwanu kulibe chipatala cha boma?"

"Khadi langa ndi lagolide," anatero a Aristides chapansipansi.

"Ndaliona, bambo. Ndi labwino kwambiri."

Kuseri kwa msika kunalibe tinsomba. Kunali anthu, mpaka pa masitepe, ndi chokupizira mphepo chimodzi chakufa. Namwino wamkulu, mayi Zuleide, anangoona phazilo n'kukankha anthu ndi chigongono. Bedi kunalibe. Anagoneka a Aristides pa machira m'khonde, pakati pa mwamuna wonunkha kachasu ndi chitseko cha chimbudzi, n'kupachika botolo la mankhwala pa msomali wa kalendala. Palibe amene anafunsa za khadi.

"Yakulumani nthawi yanji?" anafunsa mayi Zuleide.

"Cha m'ma naini," anayankha a Gumercindo.

"Naini! Mwendo utsala, koma zala ziwirizi sindikulonjeza. Inu akuluakulu awiri, munali kuti nthawi yonseyi? Mumavina?"

A Gumercindo anali atasunga mawu njira yonse yochokera ku tinsomba tija, mawu okoma, okonzedwa bwino, okwanira mikangano ya masabata khumi. Anatsegula pakamwa. Kenako anakumbukira bulu uja, ndipo anatseka. Anakhala pansi pafupi ndi machira, patapata imodzi ya alamu awo ili m'manja.

Madzulo kutupa kunaleka kukwera. A Aristides anatsegula maso, n'kuyang'ana denga lodontha, chidakwa chija, msomali.

"Alamu."

"Ndili pano."

"Zala ziwiri. Chimodzi ndi changa, ndavomera. Chinacho ndi cha mzere wanu wa opaleshoni uja."

"Mwawerenga bwino."

A Aristides anatembenuzira mutu kwa alamu awo. "Kwathu akafunsa, mukanene kuti munandiperekeza ku chipatala cholipira. Si bodza. Pano simunandione."

"Ndi maso ati?" anatero a Gumercindo.