Kachirombo ka a Namakhwa

Tinali kuphiri la Zomba, pafupi ndi damu la Mulunguzi, a mphakati wathu tikudya masitiroberi osatsuka, pamene ndinamva a Namakhwa akuuza anthu kuti kompyuta yawo singadwale. Ankati ili ndi alonda atatu, mapulogalamu oiteteza ku tizirombo, onse ochokera kunja, onse aulere, chifukwa munthu wodziwa zinthu sagula. A Namakhwa anapuma ntchito m'boma ali oyang'anira mafayilo, choncho pa nkhani ya makina panalibe wowatsutsa. Akazi awo, mayi Consolata, anangoyang'ana kumadzi n'kumatafuna.

Mvula isanagwe, kompyuta ija inayamba kukhosomola. Ukaiyatsa unkatha kupita kumsika n'kubwerako isanatsegule maso. Mbiri ya moyo wawo, imene a Namakhwa ankati dziko likuiyembekezera, inakana kutseguka. Iwo anachita monga ankachitira ku ofesi: anayamba apeza wolakwa, kufufuza pambuyo. Wolakwayo anali fulashi ya akazi awo, ya nyimbo za kwaya, imene inkapita kawirikawiri ku timashopu tosindikiza mapepala ta ku Chikanda.

Anawapeza mayiwo pakhonde akusankha nyemba, ndipo analankhula ndi mawu amene kale ankaitanira mesenjala.

"Amake Peace, mwabweretsa kachirombo m'nyumba muno. Ndinakuuzani ine kuti kuyendayenda kwanu ku Chikandaku kudzatipweteka."

Mipanda ya kwathu ku Masongola ndi ya maluwa. Imatchinga maso, makutu ayi. Pofika Lamulungu, mayi Mavis a nyumba yoyandikana nayo anali atafotokozera aliyense, mwachinsinsi, mmodzimmodzi. Ena anabwera ndi malalanje ndi uphungu wosapemphedwa. Ena anayamba kuwerenga amuna a ku Chikanda kuti aone amene angayenere. Ku kwaya, kumene mayi Consolata ankatsogolera, anawauza mwachikondi kuti ayambe apumako. Za kompyuta palibe anafunsa, poti nkhani inali yokoma kale.

Mayi Consolata sanalire. Anaitana ankhoswe.

Kuchikazi kunabwera achimwene awo, a Lucius a ku Likangala. Kuchimuna a Douglas, msuweni wa a Namakhwa. A Namakhwa anabweretsa kompyuta ngati mboni yawo, naiyatsa. Itadzuka, alonda atatu aja anatulukira nthawi imodzi, aliyense akukuwa kuti muli zoopsa ndipo akufuna nambala ya khadi la kubanki. Kenako kunatulukira chithunzi cha mtsikana wotchedwa Cindy, amene nsalu inamuperewera, akuti ali yekhayekha ndipo ali pafupi ndi Zomba. A Douglas anavula magalasi, kuwapukuta bwinobwino, n'kuvalanso.

A Lucius anafunsa kumene alondawo anachokera. A Namakhwa anayankha monyadira kuti anabwera okha: uthenga unangotulukira wonena kuti kompyuta ili pangozi, dinani apa, iwo n'kudina. Kawiri kenanso chimodzimodzi.

"Alamu," anatero a Lucius, "munthu akagogoda pakhomo panu n'kunena kuti m'chipinda mwanu muli akuba, mundilembe ulonda, simufunsa kuti wadziwa bwanji?"

Anafotokoza mosakweza mawu kuti tizirombo tina timabwera titavala yunifomu. Kena kamaitana zotsatsa malonda ndi a Cindy, kena kamasuzumira zimene ukulemba, kena kamatsekera mafayilo. A Namakhwa anati zimenezo amazidziwa, koma fulashi ija nayonso ifufuzidwe.

"Abambo ake Peace," anatero mayi Consolata, "kompyuta yanu mumaikhomera m'kabati, kiyi mumagona naye. Fulashi yangayo inalowa bwanji, ndi ufiti?"

Ankhoswe sanachedwe. Wonamizira mnzake alipe nkhuku ndipo abweze mawu ake. A Namakhwa anavomera nkhuku, koma anapempha kuti mawuwo awabwezere m'nyumba, mwa anthu ophunzira. Mayi Consolata anati mawu amabwerera pakhomo limene anatulukira.

Loweruka masana a Namakhwa anaima pakhonde atavala jekete, tambala womanga miyendo ali m'khwapa. Ankhoswe anakhala pamipando. Kuseri kwa mpanda kunapezeka anthu ambiri amene tsiku limenelo anakumbukira kuthirira maluwa. A Namakhwa anayamba ndi mbiri ya makompyuta m'dziko muno, mpaka a Douglas anatsokomola. Kenako anang'ung'udza kanthu kena kopita kwa tambala.

"Sizikumveka kuno," anatero mayi Mavis ali m'maluwa.

A Namakhwa anakweza mawu.

"Kachiromboko n'ka kompyuta. Ndinakalowetsa ndine, ndi chala changa. Amake Peace sanayendeyende kulikonse. Pepani."

Mayi Consolata analandira tambalayo ndi manja awiri, anamukweza pang'ono kuti amve kulemera kwake, n'kumuyang'ana m'mapiko ngati ali ndi utitiri. Atakhutira, anamubwezera kwa amuna awo.

"Ndalandira. Mpeni uli kukhichini, alendo sanadye."