Bokosi Linaima pa Zingwe

Luckness anakhala pamaso pa laputopu kuyambira m'mawa, manja ali pamawondo, akuyang'ana kamzere kobiriwira kamene kankakwawa ngati nkhono. Kanali pa 23 peresenti, ndipo pansi pake panalembedwa kuti kwatsala maola asanu. Maola asanuwo iye analibe. Ambulansi yotengera mayi ake ku Lilongwe inkanyamuka pachipatala cha Ntchisi 2 koloko, ndipo mayiwo anali atapempha chinthu chimodzi chokha: kuona mmene anamugonekera mwana wawo.

Dave, mlongo wake wa Luckness, anaikidwa dzana kwawo ku Nachisaka. Njinga yamoto imene inamupha ndi yomwenso inawathyola chiuno mayi, poti anali atawakweza kumbuyo. Maliro onse anachitika iwo ali gone m'wodi.

Luckness ndi mlongo wakeyo anali ndi kasitudiyo ka mavidiyo pa Mponela, kuseri kwa ogulitsa feteleza. Dave ankajambula, Luckness nkumadula ndi kulumikiza. Laputopu yawo inali yakalekale, yofuna zofewa zokhazokha ngati munthu wopanda mano, ndipo Dave ankaidziwa khalidwe lake. Ukwati usanayambe ankatenga kamera ndi mafoni onse obwereka nkuwatchera kuti azijambula mtundu umodzi wa fayilo, umene laputopuyo imameza osatsamwa. Akalakwitsa pamenepo, ndiye kuti Luckness aswera tsiku lonse akukonveta, kutembenuza fayilo iliyonse kuti makinawo aiwerenge. Eni ukwati ankadandaula kuti mnyamatayu akuchedwetsa mkwatibwi ndi zobayabaya zake. Iye ankangoseka. "Ndikupulumutsa asisi anga," ankatero.

Pamaliro ake panalibe wotchera foni.

Amene anajambula ndi Kalebe, msuweni wawo wa ku Joni, pafoni yatsopano yojambula zithunzi zolemera kwambiri. Pochoka kumanda Kalebeyo anati, "Asuweni, tiyeni tipite ndi foniyi kuchipatala, azakhali akaonere pomwepa." Luckness anakana. Zaka zisanu ndi chimodzi ali pantchitoyi anali asanaonetsepo munthu vidiyo yosakonza, ndiye ayambire pa mayi ake? Chithunzi chinkagwedera, pena chala chinkatseka, penanso woledzera wina anadutsa kutsogolo kwa abusa. Anakopera mafayilo onse, Kalebe nkukwera basi dzulo, foni yake ili m'thumba.

Kunena zoona, Luckness sankamva chilichonse. Amayi a Chigwirizano akuimba pasiwa, iye ankangoona kuti dzuwa lili kumbuyo kwawo, nkhope zituluka zakuda. Anthu ankamugwira dzanja, iye nkumayankha bwinobwino ngati akulandira makasitomala. Ankadziwa kuti akuyenera kulira, koma misozi inali ngati ya munthu wina.

Itakwana 11 koloko anasolola chaja nkunyamula laputopu ili chitsegukire, ikugwirabe ntchito. M'galimoto ya matola anaiika pamiyendo, ikutentha ngati mbaula. Bambo wina wa thumba la soya anasuzumira nkufunsa ngati muli mpira. Kunali kutagwa mvula, ndipo pachitunda china galimoto inatitimira m'matope. Amuna anatsika kukakankha, amayi anatsika kuti ipepuke, Luckness yekha anatsala pampando akuyang'ana kamzere kaja. Palibe amene anamunena. Mwina anaona chitenje chakuda.

Anafika m'wodi ambulansi itaima kale pakhomo. Kamzere kanali pa 58, batire litatsala pang'ono kutha. Fayilo yotembenuzidwa theka siitseguka. Zimenezo ankazidziwa ngati dzina lake. Anaimitsa zonse.

"Wabwera nazo?" mayi anafunsa. Anali atawonda masiku anayi okha, milomo itauma.

"Ndabwera nazo, mayi, koma sizinakonzeke. Zizidukaduka."

"Ndati ndione. Sindinati undikonzere."

Namwino anati kwatsala mphindi khumi. Luckness anaika laputopu pamtsamiro, nkutsegula fayilo yakumanda mmene inachokera m'foni muja. Chithunzi chinayenda pang'ono, nkudumpha, nkuyendanso. Anaoneka adzukulu anayi atagwira zingwe, bokosi lili pakamwa pa dzenje, nkhata ya maluwa apulasitiki itapendekeka pamwamba pake. Kenako laputopu inatsamwa.

Chithunzi chinaima pomwepo, koma mawu anapitirira. Nyimbo inamveka mpaka kumapeto. Abusa anapemphera. Kenako kunamveka dothi loyamba likugwera pathabwa, nkutsatira mafosholo, ambirimbiri, ndi kulira kwa azakhali a ku Mvera kumene aliyense wa m'banjamo akanakuzindikira. Pagalasi bokosi linali likadali m'malere, zingwe zili zokungika, mdzukulu mmodzi atayasama pakati pa mawu.

Odwala a mabedi oyandikana anasiya kucheza. Luckness anachita manyazi, manyazi a ntchito, ndipo anadabwa kuti chinthu choyamba kuchimva sabata yonseyi ndi chimenechi. Anatambasula dzanja kuti atseke nkuyambiranso.

"Ndikapita nayo ku Mponela, mayi. Pofika mawa ikhala itatheka, ndikubweretserani ku Lilongwe komweko. Muona zonse mpaka kumapeto."

Mayi anamugwira pamkono. Dzanja lawo linali lozizira koma lamphamvu.

"Ayi. Isiye choncho."

"Koma yaima, mayi. Sikuyenda."

"Ndaona kuti yaima." Maso awo sanachoke pagalasi. "Ndamva kuti munamukwirira. Zandikwana. Apapa msiye akhale kaye pamwamba."

Anyamata a machira odzawanyamula mayi anali ataima kumiyendo kwa bedi. Pakona ya galasi panatuluka chenjezo loti batire latsala mphindi zinayi. Luckness anaganiza zochepetsa kuwala kuti likhalitseko, monga Dave ankachitira magetsi akazima. Batani lake ankalidziwa pamene lili, koma analifufuza nthawi yaitali, chifukwa zilembo zonse zinali zitayamba kusambira m'maso mwake.